Miyala Imene Inafufutidwa Manambala

Owerenga mundikhululukire. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, ndipo chala changa chachikulu chinaphwanyidwa ndi nyundo kalekale, choncho zilembo zanga zimapendekeka ngati mpanda wakale. Pamene ndalakwitsa kalembedwe ingokonzani. Mawu ena a mumsonkhano uno sindinawamvepo chibadwire, ndawalemba mmene ndinawamvera. Ndikuopa kuti mwina ndasiya zina zofunika, koma sindinawonjezere kanthu.

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA GULU LA OSEMA MIYALA

Tsiku: Loweruka, pa 14 Juni
Malo: M'shedi yosungira zida, m'mphepete mwa mgodi wathu wa miyala
Nthawi yoyamba: 9:25 m'mawa

Opezekapo:
1. Wapampando
2. A Wonga, wachiwiri kwa wapampando, amene amaphulitsa miyala
3. A Khutu, ong'amba miyala, wamkulu pa tonse pamgodi pano
4. Mayi Wazilembo, amene amasema mayina pa miyala ya pamanda
5. A Kalilole, osalaza ndi kuwalitsa miyala
6. Ine mlembi

Mlendo: Mayi Kanyundo, ophunzira za miyala a ku yunivesite. Dzinali tinawapatsa chifukwa cha kanyundo kamene amayenda nako m'chiuno, ndipo anavomera kuti ndilembe lomweli.

Osapezekapo: Msungichuma (anatumiza uthenga kuti mwana wadwala) ndi Dalaivala (sanatumize uthenga).

1. KUTSEGULA

Msonkhano unatsegulidwa ndi pemphero lalifupi la Mayi Wazilembo. Wapampando anati zolembedwa za msonkhano wapitawo tidzaziwerenga tsiku lina, chifukwa lero nkhani ndi imodzi yokha: kodi a Kalilole apitirize kukhala m'gulu lathu kapena achotsedwe?

Ine ndinapempha kuti wina alembe m'malo mwanga, popeza a Kalilole ndi alamu anga, anakwatira mlongo wanga. Wapampando anati wina wodziwa kulemba ndi Mayi Wazilembo okha, koma iwo chilembo chimodzi chimawatengera theka la tsiku. Anagamula kuti ndilembe, koma ndisavote.

2. MMENE NKHANI INAYAMBIRA

Wapampando anakumbutsa komiti kuti chaka chatha, m'chilimwe, Mayi Kanyundo anakhala nafe milungu iwiri akuyendayenda m'mgodi. Anabenthula miyala 31, uliwonse waukulu ngati zibakera ziwiri. Pa mwala uliwonse analemba nambala ndi penti wofiira, nauika m'kathumba kansalu ka nambala yomweyo, ndipo m'kabuku kawo analemba malo enieni pamene mwalawo unachokera. Miyalayo anaisiya m'shedi muno chifukwa kalata yowalola kuinyamula inachedwa. Kalatayo yatuluka mwezi uno, ndipo Lachinayi anabwera kudzatenga katundu wawo.

Anapeza miyala yonse ili pa shelefu, itadulidwa mbali zonse ngati njerwa, ikuwala moti munthu amadziona nkhope. Inali itandandalikidwa kuyambira woyera kwambiri mpaka wakuda kwambiri. Timatumba tinali m'katoni, titachapidwa ndi kupindidwa bwino, manambala ake akuonekabe. Koma pa miyala panalibe nambala ngakhale imodzi.

Mayi Kanyundo anapatsidwa mpata, ndipo anati: "Ndinangokhala pansi pa thumba la simenti lija. Chibadwire sindinaonepo miyala yokongola choncho, ndipo chibadwire sindinachitepo mantha choncho." Anafotokoza kuti ku yunivesite kuli makina ouza munthu zimene zili m'kati mwa mwala, koma kulibe makina ouza munthu pamene mwalawo unali. Kuwalako sikunawononge kanthu, chifukwa iwo amaphwanya mwala n'kutenga zam'kati. Chimene chatayika ndi manambala, ndipo maphunziro awo a zaka zitatu atsamira pa miyala imeneyi.

Wapampando anafunsa kuti bwanji osangotenga ina, poti miyala ili mbwee panja apa. Mayi Kanyundo anatsegula kabuku kawo nawerenga kuti nambala 9 anaitenga pa khoma la kum'mawa, pafupi ndi makwerero achitsulo, msinkhu wa pachifuwa. A Wonga anati khoma limenelo analigwetsa okha mu Januwale, ndipo pamene panali mwalawo ndi pamene lole imatembenukira masiku ano. "Malo amenewo tsopano ndi mphepo, mayi." Titayang'ana kabuku konse tinapeza kuti pa malo 31 aja, anayi okha ndi amene akadalipo.

3. PEMPHO LA A WONGA

A Wonga anaimirira nawerenga Lamulo Lachinayi la gulu lathu, limene limati wofufuta chizindikiro cha mnzake pa mwala, kapena wogwira ntchito pa mwala wa chizindikiro cha mnzake, achoke m'gulu. Anati lamuloli ndi limene latisunga popanda kumenyana, chifukwa miyala imafanana ndipo chimene chimausiyanitsa wako ndi wanga ndi kadontho ka penti basi.

Anakumbutsa komiti kuti zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo mng'ono wawo weniweni anachotsedwa ndi lamulo lomweli, ndipo iwo anakweza nawo dzanja. Anati: "Mng'ono wanga anachoka chifukwa cha mwala umodzi. Mpaka lero sandipatsa moni pamsewu. Apa miyala ilipo 31. Mukufuna ndikamuuze chiyani?" Anapempha kuti a Kalilole achotsedwe lero lomwe.

Wapampando anapempha a Kalilole kuti alankhule.

4. YANKHO LA A KALILOLE

A Kalilole anavula chipewa nati: "Bambo Wapampando, sindikukana, ndinachita ndine. Ndinamva kuti miyala imeneyi ikupita kwa aphunzitsi akuluakulu. Nditatsegula kathumba kamodzi ndinapeza mwala uli mbuu, wokakala, ngati wotoledwa m'ngalande, penti atayenderera mbali zonse. Ndinati, anthu amenewo akaona izi adzati kumgodi kuja kuli amisiri kapena mbuzi? Zaka 19 palibe mwala unatulukapo pachipata chathu osadutsa m'manja mwanga. Ndiye woyamba kutuluka wamaliseche ukhale umene ukupita kwa anthu ophunzira?"

Anati anagwira ntchitoyo masiku atatu a Lamlungu, osauza munthu, kuti mayiwo adzadabwe. Manambala ankayesa kuti ndi owerengera kuti miyala isasowe. "Ndipo sinasowe. Yonse ilipo."

A Wonga anati akanafunsa kaye. A Kalilole anati mphatso safunsira. Mayi Wazilembo anati kudabwa mayiwo anadabwadi.

Pano ndiyenera kulemba za ine ndemwe. Ndinauza komiti kuti Lamlungu lachiwiri ndinabwera kudzatenga jekete limene ndinaiwala, ndipo ndinawapeza alamu ali pa makina. Sindinawaletse. Ndinati, "Alamu, apa ndiye mwaonetsa umisiri," ndipo ndinawatungira madzi ndowa ziwiri. A Wonga anati ndiye kuti ochoka ndi awiri. Wapampando anati nkhani ya mlembi sili pa ndandanda wa lero. Pamenepa ndi pamene inki inandidonthera m'munsi mwa tsambali.

5. ZIMENE ZILI M'MIYALAMO

Mayi Wazilembo anati asanavote akufuna kudziwa chimene chili m'miyalamo chofika pochotsa munthu ntchito. Anati: "Mwana wanga, nena zoona, tili tokhatokha muno. Muli golide?" Mayi Kanyundo anaseka koyamba tsiku limeneli, nati golide mulibe. Anapempha mphindi khumi kuti afotokoze. Anatenga ola lathunthu, koma palibe anadandaula.

Anaika patebulo mwala wotuwa, umene ife timadula tsiku ndi tsiku. Anati mwala umenewu kale unali wamadzimadzi, chiphalaphala chofiira ngati chitsulo chotuluka pamoto wa wosula. Sichinatulukire kunja ngati cha mapiri ophulika. Chinaima m'kati mwa dziko, makilomita oposa khumi pansi, n'kuyamba kuzizira pang'onopang'ono mumdima. Timadontho toyera, totuwa ndi takuda timene timaona ndi timiyala timene tinamera m'chiphalaphalamo, ndipo tinakula chonchi chifukwa panalibe chotifulumizitsa. Kuzizirako kunatenga zaka masauzande ambirimbiri.

A Khutu anafunsa kuti ngati mwalawo unali pansi choncho, anaukweza ndani. Mayi Kanyundo anati dziko linakwera pang'onopang'ono, ndipo mvula ndi mphepo zinadya miyala yonse imene inali pamwamba, kanjere ndi kanjere, mpaka wa pansi unaonekera. Anati: "Pamene takhalapa, pamwamba pa mitu yathu panali mwala wokhawokha, mpaka kufika kumene ndege zimauluka." Tonse tinayang'ana malata a padenga. Chifukwa chake sindikuchidziwa.

Kenako anatenga mwala wakuda wa mu lamba, mzere wakuda uja umene umadutsa m'makoma athu n'kumatiwonongera miyala yabwino, umene timautukwana tsiku lililonse. Anati lamba ndi mwala wotuwa si pachibale. Wotuwa unabadwa pamene miyala yakale ya chigoba cha dziko inasungunuka. Lamba anachokera pansi kwambiri, kunsi kwa chigobacho, n'kukwera m'ming'alu. Wapampando anafunsa kuti amadziwa bwanji, poti kunalibe munthu woonerera. Anayankha kuti zosakaniza zake n'zosiyana. Wakuda uli ndi chitsulo chambiri, wotuwa uli ndi zambiri za zimene amapangira galasi. Komanso muli tinthu tina tochepa kwambiri, ngati uzitsine wa mchere m'thanki ya madzi, timene chiphalaphala chimatenga kwawo n'kusunga mpaka kalekale, monga mwana amatengera makutu a bambo ake. Makina akayeza tinthu timeneti amadziwa kwawo kwa mwala.

Mayi Wazilembo anati makina amenewo akanathandiza m'mabanja ambiri. Wapampando anati ndisalembe zimenezo, koma ndinali nditalemba kale.

Mayi Kanyundo anati funso limene linawabweretsa kwa ife ndi ili: kodi lamba analowa mwala wotuwa ukadali wofewa, kapena anabwera patapita nthawi yaitali, utauma kale? Pamene malire a miyala iwiriyi ali owongoka ngati odulidwa ndi mpeni, ndiye kuti wotuwa unali utauma, unangong'ambika. Pamene malire ali okhotakhota ngati mafuta m'madzi, ndiye kuti yonse iwiri inali yofewa. M'mgodi wathu anaona zonse ziwiri, ndipo akufuna kudziwa ngati lamba ndi mmodzi kapena anabwera maulendo awiri.

A Khutu anafunsa zaka za mwala wotuwa. Mayi Kanyundo anatulutsa kagalasi kokulitsa zinthu ndi chithunzi cha kamwala kamene anakatcha zikoni, kochepa kuposa kanjere ka mchenga. Anati kamwala kameneka kakamamera m'chiphalaphala kamatsekera m'kati mwake chinthu chotchedwa yureniyamu, ndipo chinthucho chimasanduka mtovu pang'onopang'ono, pa liwiro losasintha, kaya kunja kuli dzuwa kaya mvula kaya nkhondo. Ukayeza mtovu umene wachuluka m'menemo umadziwa zaka. Anati zaka za mwala wathu sanaziyeze, koma akuganiza kuti n'zoposa biliyoni imodzi. Ndinawapempha kuti alembe okha m'buku muno kuti ndisalakwitse: 1,000,000,000. Ndawerenga maziro katatu, alipo asanu ndi anayi.

Poona kuti nambalayo sinatilowe, anati tiyerekeze kuti chaka chilichonse ndi kumenya nyundo kamodzi. Munthu womenya kamodzi pa sekondi iliyonse, osadya, osagona, osapita kumaliro, angamenye zaka zoposa 31 kuti afike pa nambala imeneyi. A Khutu anati: "Ine ndamenya zaka 44, koma ndimagona." Palibe anaseka kwambiri. A Wonga ankangoyang'ana zikhatho zawo.

Ine ndinafunsa ngati pansi pathu pangasungunukenso ife tili m'dzenje. Mayi Kanyundo anati ayi, moto umenewo unazima kalekale. Ndikuyenera kulemba kuti asanayankhe anayamba amwa madzi. Ndinavula nsapato imodzi mwakachetechete n'kuponda simenti. Inali yozizira.

6. NTCHITO YA A KHUTU

Nthawi yonseyi a Khutu anali atatenga mwala umodzi pa shelefu, akuutembenuza m'manja. Anaugogoda ndi kachitsulo pafupi ndi khutu, naunyambita, nati: "Uwu ndi wa pansi pa makwerero aja." Wapampando anawapempha kuti asasokoneze msonkhano. Iwo anati sakusokoneza, akungonena kuti mwalawo ndi wa pansi pa makwerero, pamene wotuwa umayamba kufiirira ndipo umang'ambika mopendekera kumanja. Anati khoma lililonse lili ndi mawu ake, ndipo munthu amene walowetsamo zitsulo zaka 44 sangasokoneze mwala wa kum'mawa ndi wa kudziwe la m'mgodi, monga mayi sasokoneza kulira kwa ana ake.

Mayi Kanyundo anati sakufuna kuwanyoza, koma aphunzitsi awo sangalandire mawu a pakamwa. Anapita kugalimoto yawo n'kubwera ndi zibenthu zisanu zazing'ono zimene anati anapita nazo m'thumba chaka chatha, chilichonse chokulungidwa m'pepala la nambala yake. Anazimasula atatifulatira, naziika patebulo popanda mapepala.

A Khutu anatenga choyamba nati n'cha kudziwe la madzi obiriwira, m'munsi. Chachiwiri anati n'cha pangodya pamene timaumitsa maovolosi. Chachitatu ndi chachinayi anatchulanso malo ake. Mayi Kanyundo ankayang'ana m'kabuku, koma ndinaona kuti pensulo yawo yaima. Chachisanu a Khutu anachigogoda kawiri, nachinunkhiza, nachikankhira kutali. Anati: "Uwu si wathu. Mwana wanga, ukuyesa agogo ako?"

Mayi Kanyundo anagwira pakamwa. Anavomera kuti chachisanucho n'cha phiri lina lakutali, anachiikamo dala, ndipo zinayi zija a Khutu anakhoza zonse. Anati: "Agogo, ine ndaphunzira zaka zisanu ndi zinayi, koma popanda makina sindikanatha." A Khutu anati nawonso sakanatha kudziwa kuti akhala akumenya chinthu chimene chinali chamadzimadzi, choncho palibe woposa mnzake. Anawonjeza kuti anayamba kuwakhulupirira mayiwo chaka chatha atawaona akunyambita mwala, chifukwa munthu wonyambita mwala si mlendo.

Wapampando anaimitsa msonkhano 11:40 kuti ntchitoyi ichitike. Tinakokera tebulo pakhomo pamene pali kuwala. A Kalilole ankapereka miyala umodziumodzi, a Khutu ankatchula malo, Mayi Kanyundo ankafufuza malowo m'kabuku n'kutchula nambala, ndipo ine ndinkapereka kathumba. Pamene a Khutu ankakayika pakati pa malo awiri, a Kalilole ankakumbukira mmene mwalawo unalili usanadulidwe. "Uwu unali ndi mphuno mbali iyi," kapena "uwu unandidyera mano a sowo." Kawiri konse zimenezi zinagwirizana ndi zimene mayiwo anajambula m'kabuku. A Wonga poyamba anaima patali atapinda manja, koma pa mwala wa khumi ndi chiwiri anatsutsa a Khutu, nati wa malo amenewo uli ndi timitsempha toyera chifukwa anabowolapo okha maenje asanu ndi atatu. A Khutu anayang'ananso navomera kuti a Wonga akunena zoona. Kuyambira pamenepo a Wonga sanachokenso patebulo.

Pofika 2 koloko masana miyala 28 inali italowa m'timatumba take. Patebulo panatsala itatu yakuda, ndi timatumba ta nambala 17, 18 ndi 22.

A Khutu anaigogoda nthawi yaitali, naisinthanitsa, naitengera panja padzuwa. Atabwerera anati: "Itatuyi ikulankhula mawu amodzi. Ndikatchula malo ndinama."

Mayi Kanyundo anawerenga kuti yonse itatu ndi ya m'mphepete mwa lamba: 17 pa malire owongoka, 18 pa malire okhotakhota, 22 pa kalamba kena kowonda. Anati uliwonse anaubenthula dala pamodzi ndi chigamba cha mwala wotuwa chomatirira m'mbali, kuti malirewo azioneka. Anafunsa kuti zigambazo zili kuti. A Kalilole anayankha motsitsa mawu kuti anazidula. Pa ntchito yathu chigamba chotuwa pa mwala wakuda ndi chilema, palibe kasitomala angachilandire. Zodulazo anakazitaya pa mulu wa zinyalala kuseri kwa shedi, ndipo kuchokera nthawi imeneyo lole yatapapo maulendo ambiri kukathira m'misewu.

Mayi Kanyundo anati miyala itatu imeneyi ndi imene ikanayankha funso lawo lija. Malo ake onse atatu anagwetsedwa kale.

7. CHIGAMULO

Msonkhano unayambiranso 2:20. Wapampando anafunsa Mayi Kanyundo ngati ali ndi mawu pa pempho la a Wonga. Iwo anati gululi si lawo, sangaweruze. Anati: "Ndakwiya, sindikunamizani. Miyala 28 ija ndidzalemba poyera kuti inabwezedwa m'matumba ndi diso la munthu, ndipo aphunzitsi anga akhoza kuikana. Koma m'moyo wanga palibe munthu anagwirapo ntchito masiku atatu a Lamlungu kuti ine ndisachite manyazi."

A Wonga anapempha kulankhula komaliza. Anati iwo akakanikiza batani khoma limagwa m'kanthawi kochepa ngati kuyetsemula, ndipo zaka 20 sanafunsepo kuti chimene chikugwacho chinatenga nthawi yaitali bwanji kuti chiime. Anati a Kalilole anafufuta manambala, koma malo a manambalawo anawafufuta ndi iwo eni a Wonga. Anati komabe lamulo ndi lamulo, ndipo mng'ono wawo akadali kunja.

Mayi Wazilembo anati: "Achimwene, mng'ono wanu anafufuta kuti mwala ukhale wake. Awa anafufuta kuti mwala ukhale wokongola. Onse ndi opusa, koma wakuba ndi mmodzi."

Wapampando anati ofuna kuti a Kalilole achotsedwe akweze manja. A Wonga anakweza dzanja mpaka paphewa, linaima pamenepo kanthawi, kenako linapita kumutu. Ndinafunsa Wapampando kuti ndilembe chiyani. A Wonga anati: "Lembani kuti ndimakanda mutu." Ofuna kuti akhale anali a Khutu ndi Mayi Wazilembo. Wapampando analengeza kuti a Kalilole akhalabe m'gulu, ndipo Lolemba abwerere pa makina awo.

A Kalilole anaimirira nathokoza komiti, koma anati pa makina sabwerera mpaka miyala itatu ija italowa m'timatumba take. Kuyambira Lolemba adzakhala pa mulu wa zinyalala ndi sefa, kufunafuna zigamba zitatu zija, chifukwa mmene anazidulira akukumbukira, ndipo chigamba chikapezeka chidzakwanira pa mwala wake. Wapampando anati palibe wawalamula zimenezo, ndipo pali miyala ya pamanda isanu ndi inayi imene ikudikira kuwalitsidwa, eni ake atauzidwa kale masiku. A Kalilole anati akudziwa. Mayi Kanyundo anati muluwo ndi wautali kuposa shedi ino, ndipo n'kutheka kuti zigambazo zili pansi pa msewu anthu akuzipondaponda, sizidzapezeka konse. A Kalilole anati: "Ndamva, mayi." Anavala chipewa n'kukhala pansi.

Ine ndinawanong'oneza kuti aganizire ana. Sanandiyang'ane.

8. ZINA NDI ZINA

(a) A Wonga anapempha kuti malo anayi amene atsala, pamodzi ndi ngodya ya kumpoto pamene lamba akuonekabe, asaphulitsidwe mpaka Mayi Kanyundo atawaonanso. Zinavomerezedwa.

(b) Mayi Wazilembo anati penti ndi wa ana asukulu. Anadzipereka kusema manambala pa miyala 28 ija ndi chitsulo, kuti wofuna kufufuta atuluke thukuta. Mayi Kanyundo anavomera, ndipo adzaitenga Lachisanu.

(c) Wapampando anagamula kuti lole isatapenso pa mulu wa zinyalala. Ndinapatsidwa ntchito yokauza Dalaivala, ngati ndingamupeze.

(d) A Khutu anapempha kuti makina akayeza zaka zenizeni za mwala wathu adzauzidwe msanga, chifukwa iwo alibe zaka biliyoni zodikirira.

9. KUTSEKA

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka pa 12 Julayi, 9 koloko m'mawa, m'shedi momwemu. Msonkhano unatsekedwa 3:10 masana ndi pemphero la Wapampando.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________

ZIMENE SIZINATHE

Miyala itatu yakuda ikadali patebulo, ndipo timatumba ta 17, 18 ndi 22 tili pambali pake topanda kanthu. Sitikudziwa ngati zigamba zake zili pamulu kapena pansi pa msewu. Wina woyendetsa makina owalitsira tilibe, ndipo sitinagwirizane chokauza eni miyala ya pamanda. Pamene ndimatseka shedi, alamu anali atakwera kale pamulu paja ndi fosholo, osadikira Lolemba.